Imitsani sewero pomwe pavuta: kuphunzitsa ana a pulayimale kulingalira chabwino ndi choipa

Lowani m'kalasi iliyonse kuno ku Mzuzu, kaya ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, mufunse kuti, "Ana inu, kodi kuba n'kwabwino?" Yankho lake ligwedeza malata: "Ayiii, sala!" Belu la buleki likangolira, bolopeni ya wina yasowa, ndipo waitenga ndi mmodzi mwa amene anakuwa kwambiri aja.

Mwanayo sananame ayi. Lamulo amalidziwa, walimva kunyumba, kutchalitchi, kumadrasa ndi pa asembule. Chimene sanayeserepo ndi kuima pomwe zinthu ziwiri zabwino zikukokana, kusankha yekha, n'kunena chifukwa chake anzake akumva. Pa masamu timawapatsa mpata woyesa, wolakwitsa ndi wofufuta. Makhalidwe okha ndiye timangolalikira.

Njira yomwe ndifotokoze pano ndakhala ndikuigwiritsa ntchito mu Sitandade 5 ndi 6, m'kalasi ya ana opitirira 90. Imaphatikiza zinthu ziwiri: kasewero kakafupi komwe kamaimitsidwa kasanathe, ndi zokambirana za filosofi. Liwu loti filosofi lisakuopseni, aphunzitsi anzanga, sitikunena za mabuku onenepa a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni). Tikunena chizolowezi chofunsa kuti "ukutanthauza chiyani?", "wadziwa bwanji?", "kodi zimakhala choncho nthawi zonse?" Amene anaziika m'dongosolo loyenera ana ndi Matthew Lipman, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Columbia ku New York. Iye ataona kuti ophunzira ake akuluakulu akulephera kutsata mfundo, anaganiza kuti vuto limayambira pansi, ndipo mu 1974 iye ndi Ann Margaret Sharp anakhazikitsa malo ophunzitsira njirayi ku Montclair, ku America komweko. Koma munthu amene anakhalapo pabwalo la mfumu, n'kuona momwe akuluakulu amautembenuzira mlandu uku ndi uku asanagamule, saona chachilendo pano.

1. Pezani nthawi, ndipo ahedi adziwe

Musachite mozemba. Tsiku lomwe ahedi adzamve ana akuseka ndi kutsutsana, madesiki atakankhidwira kukhoma, adzayesa kuti kalasi ilibe mphunzitsi. Afotokozereni kusanache.

Ntchitoyi ili ndi pokhala kale pa taimutebulo. Mu Expressive Arts muli zisudzo, mu Life Skills muli kupanga chiganizo, kuthetsa mikangano mwamtendere ndi kudziika m'malo mwa mnzako. Ilembeni mu sikimu ndi mu lesoni pulani ngati phunziro lina lililonse, kuti a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akabwera apeze zili papepala. Piriyodi imodzi ya mphindi 35 imatha ana atangoyamba kutentha, choncho pemphani ziwiri zogundizana, kamodzi pa sabata. Ine ndimakonda buleki itangotha. Mwana wanjala saganiza za chilungamo, amaganiza za chinangwa.

2. Sankhani nkhani yokokana

Apa ndiye pagona zonse, ndipo ambiri timagwera pomwepa. Timabwera ndi nkhani ya mwana wakuba nkhuku, wagwidwa, wakwapulidwa, walapa. Nkhani yotere ilibe chokambirana. Ana amadziwa yankho lomwe mphunzitsi akufuna, amalipereka, n'kubwerera ku zawo.

Nkhani yabwino ndi yomwe inu nomwe, munthu wamkulu, mukaimva mumayamba mwakanda m'mutu. Mbali zonse ziwiri zikhale ndi chabwino chake: kunena zoona ndi kusunga ubwenzi, kumvera lamulo ndi kuchitira chifundo, kuthandiza kwanu ndi kusapweteka mlendo. Nayi yomwe ndimayambira nayo chaka chilichonse.

Madamu aitanidwa ku ofesi. Potuluka auza monitala kuti, "Aliyense wolankhula umulembe, akolopa zimbudzi tikaweruka." M'kalasimo muli mtsikana watsopano, wangobwera kumene kuchokera kunyanja ku Nkhata Bay, ndipo sanamve ntchito yomwe yasiyidwa pabolodi chifukwa inafotokozedwa mu Chingerezi chothamanga. Wakhala naye pafupi ayamba kumunong'oneza, kumulozera tsamba ndi nambala. Wonong'onezayo ndi mnzake wapamtima wa monitala, amene amamunyemera mbatata tsiku lililonse. Ena awiri alembedwa kale chifukwa chokambirana za mpira, ndipo akuyang'anitsitsa dzanja la monitala. Chitseko chitseguka. "Monitala, bweretsa pepala."

Basi, nkhani yathera pomwepo.

Zina zilipo zambiri, mungoyenda ndi makutu. Mwana watumidwa kukagula tomato ku Zigwagwa, agogo ogulitsa amubweza chenji choposa ndi K1,000, pomwe mng'ono wake kunyumba alibe kope. Mnyamata waona wa sakaramento (wa kabaza wa njinga) amene amamunyamula ulere mvula ikamagwa akugwetsa thireyi ya mazira ya mayi wina n'kuthawa, ndipo mayiyo akufunsa amene waona. Mtsikana walonjeza mnzake kuti saulula chinsinsi, kenako azindikira kuti chinsinsicho ndi choti mnzakeyo akujomba kupita kukasamba kumtsinje wa Lunyangwa madzi atadzaza.

Nthano zathu nazonso n'zolemera, bola muzidule mchira. Agogo ankamaliza ndi phunziro, inu muime lisanafike. Tengani ya nyama zokumba chitsime m'chilala, Kalulu n'kukana kukumba, pambuyo pake n'kumabwera usiku kudzamwa. Imani pomwe wagwidwa. Amwe kapena asamwe? Nanga akamwalira ndi ludzu, mlandu ngwa yani? Nanga ana ake, omwe sanakane kanthu? Mwana wina anandifunsapo kuti, "Sala, bwanji Kalulu timamukonda pomwe ndi wabodza?" Funso limenelo linatidyera milungu iwiri. Ana a Chitumbuka apempheni abwere ndi nthano zawo, vidokoni vya kwawo, mudzapeza Kalulu yemweyo atavala malaya ena.

Onaninso msinkhu. Jean Piaget wa ku Switzerland, mu kafukufuku wake yemwe anatuluka mu 1932, ankafotokozera ana nkhani ziwiri: wina waswa makapu 15 mwangozi potsegula chitseko, wina waswa kapu imodzi yokha pokwera kuti abe jamu. Ana aang'ono ambiri ankati woipa ndi wa makapu 15, poti waswa zambiri. Okulirapo, a zaka ngati 9 kapena 10, ndiwo ankayamba kuyang'ana cholinga cha mumtima. Yesani nkhani yomweyi mu Sitandade 2, musinthe jamu akhale shuga, mumve nokha. Zikutiuza kuti ana a m'makalasi apansi apatseni nkhani za "dala kapena mwangozi", za kugawana ndi za kulandirana pamasewera. Zolemera ngati lonjezo, chinsinsi ndi lamulo losayenera zisungireni Sitandade 5 kupita m'mwamba.

Chenjezo limodzi: musatenge nkhani yeniyeni ya mwana wa m'kalasimo, ngakhale mutasintha dzina. Ana sapusa, onse atembenukira kwa mwini wake.

3. Konzani pokhala ndi malamulo

Ana ayang'anane, asamayang'ane inu. Kunja pansi pa mtengo ndi kwabwino nyengo ikalola, koma kuno mukudziwa, mu Juni ndi Julayi mawawa ndi chisanu sizipereka ulemu, ndipo mvula ya Malichi ndi Epulo ikamenya malata simumvana. Zikatero kankhirani madesiki kukhoma musiye bwalo pakati.

Ana 90 sangalankhule onse. Pangani mabwalo awiri: lamkati la ana 12 kapena 15 omwe akukambirana, lakunja la omvetsera. Mkati musiyemo malo amodzi opanda munthu, kuti wakunja amene mfundo yamutentha alowe, anene, atuluke. Sabata iliyonse lamkati lisinthe, ndipo muzilemba maina kuti pakutha pa teremu aliyense akhale atalowamo. Akunja apatseni ntchito, apo ayi ayamba kutsinana: ena awerenge kuti liwu loti "chifukwa" lanenedwa kangati, ena asunge mfundo yomwe yawadabwitsa.

Pezani chitsononkho chimodzi. Wagwira chitsononkho ndiye wolankhula, ndipo akatha amapatsira yekha mnzake. Ndi TALULAR yeniyeni imeneyo, kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pafupi, zosagula. Malamulo apangeni pamodzi ndi ana, asapitirire anayi kapena asanu. Athu amati: timatsutsa mfundo osati munthu, sitiseka yankho la wina, ukanena, unene chifukwa, kusintha maganizo si kugonja. Ana alankhule chiyankhulo chomwe maganizo awo akubwerera. Wina ayamba m'Chichewa n'kumalizira m'Chitumbuka, wina aponyamo Chitonga, musiyeni, mnzake amasulira. Ili si phunziro la galamala.

4. Sewerani mwachidule, muime

Sankhani osewera anayi kapena asanu, muwatengere pakhonde kwa mphindi zisanu, muwafotokozere nkhani. Osalemba mawu oti aloweze, alankhule momwe amalankhulira. Zovala n'zosafunika. Chitenje chimodzi chikwanira kusandutsa mtsikana kukhala madamu, pepala ndi bolopeni zikwanira monitala.

Posankha osewera samalani. Chaka changa choyamba ndinapatsa mbali ya wakuba mnyamata yemwe anzake ankamukayikira kale, poganiza kuti zimuphunzitsa. Anasewera bwino kwambiri, kalasi inaseka, ndipo dzina la m'seweromo linamumatirira mpaka kutsekera. Ndinalakwa ndine. Kuyambira pamenepo mbali yoipa ndimapatsa mwana amene aliyense amamudziwa kuti ndi wofatsa, kapena ndimaisewera ndekha. Dorothy Heathcote, mphunzitsi wa zisudzo wa ku Newcastle ku England, anatchuka ndi zomwezi, zoti mphunzitsi azilowa yekha m'sewero. Mukavala chipewa n'kukhala agogo a tomato, ana amakufunsani zinthu zomwe sangafunse sala.

Sewero lisapitirire mphindi zitatu kapena zinayi. Ana athu amakonda nthabwala, ndipo mukawalekerera madamu ayamba kutsimphina, monitala ayamba chibwibwi, nkhani n'kusanduka chiseko. Kuseka pang'ono n'kwabwino, koma pofika pachimake pakhale bata. Pomwe madamu atambasula dzanja kuti alandire pepala, ombani m'manja kamodzi: "Imani!" Osewera aume pomwepo ngati chithunzi, dzanja lili m'malere. Asiyeni choncho kanthawi, kalasi iwayang'ane.

5. Funso lichokere kwa ana

Mtima wanu ufuna kufunsa msanga kuti, "Ndiye monitala achite chiyani?" Dikirani. Apatseni mphindi imodzi yachete, aliyense aganize. Mphindi imodzi m'kalasi ya pulayimale imatalika ngati ulendo wa ku Chitipa, koma pirirani. Kenako akhale m'magulu a anthu 8, gulu lililonse libwere ndi funso limodzi, osati yankho. Lembani onse pabolodi momwe anenedwera.

Poyamba mafunso ake amakhala a m'nkhani: "Monitala anali ndi zaka zingati?" "Madamu anakatani ku ofesi?" Musawanyoze. Aphunzitseni kusiyanitsa: lilipo funso lomwe yankho lake lili m'sewero, lilipo lomwe tingafunse munthu wodziwa n'kutiuza, ndipo lilipo lomwe anthu anzeru angatsutsanepo tsiku lonse. Lachitatuli ndi lomwe tikufuna. Pakatha milungu itatu kapena inayi muyamba kuona mafunso ngati awa, omwe ndinakopera pabolodi langa: "Kodi kusalemba dzina n'chimodzimodzi kunama?" "Lamulo limagwirabe ntchito ukamathandiza munthu?" "Mnzako weniweni ndi amene amakubisa kapena amene amakuulula?"

Avote atatsinzina, manja m'mwamba, kuti asatsatire wotchuka. Funso lopambana ndilo lolowa m'bwalo, ngakhale inu mumafuna lina.

6. Kukambirana: ntchito yanu ndi kufunsa

Iyi ndi mbali yovuta kwa ife, chifukwa tinaphunzitsidwa kukhala eni mayankho. Kwa mphindi 20 kapena 25 mudzimane mawu awiri: "wakhoza" ndi "walakwa". Mukangoti "wakhoza", zokambirana zafa, poti ana onse adziwa komwe sala aima ndipo akhamukira komweko. M'malo mwake khalani ndi mafunso ochepa m'thumba: "Chifukwa chiyani ukutero?" "Ungapereke chitsanzo?" "Alipo amene ali ndi chitsanzo chotsutsa?" "Wanena zofanana ndi mnzako uja kapena zosiyana?" "Ndani anganene m'mawu ake zomwe wanena uyu?" Lomalizali limawakakamiza kumvetsera, chifukwa ambiri amakhala akungodikira chitsononkho.

Tsiku lina zinayenda motere. Mnyamata wina anati, "Amulembe basi. Madamu anati aliyense."

"Aliyense," ndinabwereza. "Nanga wina akanakuwa kuti m'kalasi mwalowa njoka, alembedwe?"

Anaseka. "Ayi sala, imeneyo ndi ngozi."

"Ndiye kuti si aliyense?"

Anayang'ana pansi, n'kupatsira chitsononkho mtsikana yemwe salankhulalankhula. Iye anati, "Lamulo lija analiika kuti tisasokoneze ophunzira. Uyu sakusokoneza, akuphunzitsa."

Wina analanda mawu: "Ndiye aliyense azingoti ndimathandiza mnzanga. Monitala adziwa bwanji?"

Apo bwalo linagawikana, ndipo ndinangokhala chete. Kenako kamnyamata kena kakunja kanathamangira pamalo opanda munthu paja, kali wefuwefu: "Ine ndikufuna ndidziwe. Akanakhala kuti wonong'onezayo si mnzake wa mbatata uja, monitala akanaganiza n'komwe zomusiya?"

Funso limeneli sindinalikonze, ndipo silinali mu lesoni pulani. Mwana wa zaka 11 anali atapeza yekha kusiyana kwa chifundo ndi kukondera. Ndikanayamba ndi ulaliki wa chilungamo, sakanafika pamenepo.

Mfundo zikayamba kuzungulira pamodzimodzi, sinthani kanthu kamodzi m'nkhani muone ngati mayankho asuntha. Nanga chibalo chikanakhala chongotola zinyalala? Nanga watsopanoyo akanalephera mayeso mawa lake? Nanga pakanapanda woona? Lomalizali limaulula zambiri. Ana ena amati "ndiye palibe vuto", ndipo apo mwadziwa kuti chomwe amaopa ndi kugwidwa. Musawadzudzule. Funsani anzawo ngati akugwirizana nazo, ntchito aigwira okha.

Wina anena kuti, ndiye mphunzitsi asamanene chilichonse, zonse zikhale zabwino? Ayi. Kusagamula msanga si kulekerera. Mwana akati "Atonga onse ndi otere" kapena "mtsikana sangakhale monitala wabwino", yambani ndi kufunsa umboni: "Onse? Ukuwadziwa angati?" Nthawi zambiri anzake amamugwetsa ndi zitsanzo. Zikakanika, nenani poyera kuti m'kalasi muno munthu sanyozedwa chifukwa cha mtundu, khungu, chilema kapena umphawi. Mafunso otseguka ndi omwe anthu abwino angasiyanepo maganizo. Nkhanza si limodzi mwa amenewo.

Miyambi nayo ilowetseni, koma ngati mboni yofunsidwa mafunso, osati ngati chidindo chotsekera mlandu. Wina akati "kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu", funsani kuti umunthu umenewu ukumuuza monitala kuti aime ndi ndani, mnzake wa mbatata, mlendo wa ku Nkhata Bay, kapena awiri alembedwa kale aja? Mwambi womwewo umakoka mbali zitatu.

7. Bwererani m'sewero mukayese zomwe mwanena

Kulankhula n'kosavuta. Mwana amene wanena molimba mtima kuti "ine ndikanawauza madamu zoona zonse", muitaneni: "Bwera, tenga pepala, ndiwe monitala tsopano." Osewera ena abwerere pomwe anaumira paja, sewero lipitirire. Wosewera madamu asafewe msanga, afunse mwaukali ngati madamu enieni: "Ndinati chiyani potuluka?" Apa mwana amazindikira kuti mawu abwino aja amalemera pakamwa. Akakanika, wina akuwe "Imani!" n'kulowa m'malo mwake. Yesani njira zitatu kapena zinayi, ndipo pa iliyonse funsani kalasi: wapindula ndani, wapwetekeka ndani?

Njira yolowetsa oonerera m'sewero anaitchukitsa ndi Augusto Boal wa ku Brazil m'zaka za m'ma 1970. Kuno kwathu si yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, momwe munali a Chris Kamlongera, linafika ku Mbalachanda m'boma la Mzimba ndi masewero okamba mavuto a anthu a komweko. Ife tikungoitsitsira kwa ana.

Nthawi ikakhalapo onjezani ziwiri izi. Ikani mpando pakati, akhalepo mmodzi mwa anthu a m'sewero, kalasi imufunse mafunso, iye ayankhe ali m'mbali yakeyo. Musaiwale amene sanalankhule m'nkhani. Mtsikana watsopano uja atakhala pampando n'kufunsidwa momwe akumvera, wosewerayo anati, "Ndikuona ngati ndabweretsa tsoka, mawa sindifunsanso." Kalasi yonse inali itamuiwala. Inayo ndi kanjira: ana aime mizere iwiri moyang'anizana, monitala adutse pakati pang'onopang'ono, aliyense amunong'oneze ganizo limodzi, mzere uwu zoti alembe, uwo zoti asalembe. Akafika kumapeto anene chomwe wasankha ndi mawu omwe amulemera kwambiri.

8. Vulani sewero, tsekani osalalikira

Osewera avule chitenje, aike pepala pansi, aliyense atchule dzina lake lenileni, kalasi iwaombere m'manja. Zimaoneka zachibwana koma zimathandiza kuti "monitala wokondera" asatuluke naye panja.

Kenako aliyense alembe mizere iwiri m'kope: "Poyamba ndimaganiza kuti... Tsopano ndikuganiza kuti... chifukwa..." Amene sanasinthe alembe mfundo ya wina yomwe yamuvuta kuyankha. A Sitandade 1 ndi 2 angoima mbali yomwe asankha, awiri atatu anene chifukwa. Akakufunsani kuti "nanga inu sala mukuti bwanji?", mutha kuyankha, koma pamapeto penipeni, mwachidule, ndi chifukwa chanu, n'kuvomera kuti mfundo yakutiyakuti yakuvutani nanunso. Funso lija alitengere kunyumba akafunse agogo.

9. Zomwe mudzakumane nazo

Tsiku lina mwana adzanena chinthu chomwe si cha m'sewero. Mukukamba za chinsinsi, iye n'kuti, "Nanga munthu wamkulu akakuuza kuti usaulule zomwe amakuchita?" Musafunsitse pagulu, ndipo musaonetse kudzidzimuka. Nenani kuti, "Funso lako ndi lofunika, tikambirana tikaweruka", n'kupitiriza. Pambuyo pake mumve pambali, pamalo oonekera, musamulonjeze kuti simuuza aliyense. Dziwitsani ahedi tsiku lomwelo. Alipo amayi a mother group, ofesi yoona za chisamaliro cha ana, a Victim Support Unit kupolisi, komanso nambala yaulere ya 116. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lilipo chifukwa cha nkhani zoterezi. Dziwani njirazi musanayambe n'komwe phunziro loyamba.

Makolo nawo adzabwera. Bambo wina anandipeza pakhonde m'mawa, chipewa chili m'manja koma nkhope itamanga. "Aphunzitsi, mwana wanga masiku ano ndikamutuma akumandifunsa kuti chifukwa chiyani. Ndi zimene mukuwaphunzitsa?" Sindinawatsutse, chifukwa dandaulo lawo linali ndi mutu. Ndinawapempha akhale kumbuyo kwa kalasi Lachinayi lotsatira. Ndinazindikiranso kuti ndinasiya phunziro limodzi: kufunsa kuli ndi nthawi yake ndi kafunsidwe kake. Tinachita sewero la zomwezo, mwana wotumidwa kuchigayo mpira uli mkati, ndipo tinakambirana kusiyana kwa kufunsa kuti umvetse ndi kufunsa kuti uzembe. Fotokozani ntchitoyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) isanafike kunyumba kudzera m'kamwa mwa ana.

Anyamata atatu anayi adzafuna kulamulira bwalo. Gawirani aliyense wamkati timiyala tiwiri, akalankhula aponye kamodzi pakati, ikatha amvetsere. Milungu yoyamba idzakhala yaphokoso ndipo mudzafuna kusiya. Ipatseni teremu yathunthu.

Musapereke malikisi pa maganizo a mwana, chifukwa tsiku lomwelo abwerera ku "Ayiii, sala!" Sungani kope lanu, muzilembamo zomwe mwamva: ndani wanena "chifukwa" osakumbutsidwa, ndani wati "ndikugwirizana naye koma", ndani wasintha maganizo pagulu osachita manyazi. Sindikulonjezani kuti mabolopeni asiya kusowa. Kwanga amasowabe. Chomwe ndinaona ndi chakuti milandu ya pa buleki inayamba kufika kwa ine itakambidwa kale theka, wodandaula akutha kunena zomwe mnzakeyo akuti ndi chifukwa chake.

Sabata yotsatira sewero la monitala lija ndinaitanidwadi ku ofesi. Pobwerera, monitala wanga weniweni anandipatsa pepala atalijambula mzere pakati. Kumanzere kunali maina 7, kumanja analemba zomwe aliyense ankanena. Awiri ankabwerekana rula, mmodzi ankafotokozera mnzake samu ya nambala 4, anayi otsalawo ankakangana za chigoli cha Moyale. Pansi pake anawonjezera kuti: "Sala, mugamule ndinu, koma wachitatuyo ndi mnzanga."